Jekete ya Mkono Umodzi

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo ndi mwana wachiwiri wa kalipentala uja anamwalira pensulo ili kukhutu. Mayi ake ndi ochapa ndi kusita zovala za anthu, akadali moyo, ndipo maso awo akuonabe bwino. Iyeyo ana ali nawo awiri. Woyamba ndi wamwamuna, amayendetsa malole akutali, kwawo amakudziwira pa foni. Wachiwiri ndi wamkazi, Kabatani. Dzinali analipata akukwawa, tsiku limene anameza batani pansi pa makina a bambo ake, banja lonse n'kukhala likudikira kuti lituluke. Litatuluka, telala analitsuka n'kulisokerera pa malaya a mwiniwake. M'banja limeneli chinthu sichitayika.

Mayi a anawo anamwalira Kabatani ali kusekondale. Telala sanakwatirenso. Analera ana ndi makina opondaponda aja, ndipo palibe mwana wake anagonapo ndi njala kapena kupita kusukulu chigamba chikuonekera kunja. Amene anganene zina ndi wabodza.

Koma banja lililonse lili ndi kamtengo kake kopindika. Kalipentala anasiyira ana ake lamulo limodzi: "Pakakupweteka, gwira ntchito pang'onopang'ono. Pakapanda kupweteka, ndiye kuti palibe chakuvuta." Iye mwini ankadzimenya chala ndi hamala, chikhadabo n'kuda bii, osasiya kukhoma. Anthu akunja amati amenewo ndi makani. M'banjamo amati ndi kulimba mtima, ndipo kunawadyetsa zaka zambiri.

Telala ankasoka wopanda nsapato. Akafika m'mawa ankazivula n'kuzikankhira pansi pa benchi. Ankati manja amangoperekeza nsalu, wosoka weniweni ndi phazi, chifukwa ndilo limadziwa pothamanga, pozemba ndi poima singano ikafika pakona ya kolala. Phazi lake lamanja linali litadya utoto wa chopondera mpaka chitsulo kuwala ngati supuni.

Matenda a shuga anamupeza nawo zaka zingapo zapitazo. Kuchimuna kwake kulibe, kuchikazi kwake kulibe, ndiye musafunse kuti anawatola kuti. Mapiritsi ankamwa akawakumbukira. Tsiku lokayezetsa likagwa pa tsiku la ntchito yambiri, ntchito ndiyo inkapambana. Poyamba mapazi ankayaka ngati waponda phulusa la moto. Kenako anasiya kuyaka, iye n'kunena kuti wachira.

Tsiku lina wosoka nsapato, mnzake wa khonde lomwelo, anaona madontho a magazi pa simenti.

"Atelala, mwapha nkhuku pansi pa makinapo?"

Telala anatukula phazi. Pini inali italowa yonse, kungotsala kamutu. Anaizula, n'kuipukuta pa buluku, n'kuibaya pa kapilo ka mapini.

"Mwaona, achimwene? Osamva n'komwe. Phazi la mwana wa kalipentala limeneli."

"Thabwa nalonso silimva," anatero wosoka nsapato, koma telala anali atayamba kale kuponda.

Chaka chimenecho Kabatani anaitanidwa ku ntchito. Inali ya pa tebulo lolandirira alendo pa hotela ina ya mumzinda wakutali, ndipo anamuuza kuti akafike atavala jekete yakuda. Iye anati akagula yakaunjika, kapena apereke kwa anyamata a makina amagetsi amene amasoka tsiku limodzi. Telala anamva ngati wamenyedwa mbama pagulu. Anakagula nsalu yabwino, yolemera m'manja, anamuyeza mwana wake mapewa, msana ndi mikono, n'kudula madzulo omwewo.

"Jekete imeneyi ulusi wake wonse udutsa m'manja mwanga ndi phazi langa," anatero. "Palibe wina adzaponda makina pa iyo. Akakufunsa kumeneko kuti wakusokera ndani, ukayankhe mokweza."

"Ababa, mwana wa telala amayenda ndi zipi yakufa. Musalumbire."

"Ndalumbira kale."

Zidutswazo anazipinda, n'kuzimanga ndi kansalu, n'kuziika m'dirowa ya makina. Anati ayambe wathana ndi mayunifolomu, popeza sukulu zinali pafupi kutsegulidwa ndipo makolo anali atadzaza khonde.

Nthawi imeneyo ndi imene phazi lamanja linatupa. Linafiira, n'kutentha ngati simbi yozimitsa kumene, koma osapweteka. Telala anati wabinya potsika sitepe, ngakhale sitepe yake sankaikumbukira. Ndiye anachita zimene telala yekha angachite. Anayeza kakolo ndi tepi, anadula nsalu ya tenti, n'kusoka chomangira chothina, cha zingwe ngati nsapato ya mpira. Chinali chokongola, chimenecho tisakane. Nsapato itakana kulowa anaipereka kwa mnzake uja kuti aing'ambe m'mbali. Ndipo anapitiriza kuponda, m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, sabata ndi sabata.

Amene anazitulukira ndi Kabatani, ndipo anazitulukira ndi khutu. Munthu wokulira pansi pa makina amawadziwa kulira kwake ngati mawu a mayi ake. Atabweretsa tiyi tsiku lina anaima, kapu ili m'manja.

"Ababa, makina anu akutsimphina."

"Ndi lamba. Wafutukuka."

"Lamba ndi watsopano, ndinakagula ndine. Tamasulani chimenecho ndione."

Anakana. Mwanayo anagwada pa simenti pamaso pa makasitomala n'kumasula yekha zingwe. Pakati pa phazi, pamene munthu aliyense amakhala ndi kamphako, panali patatsika n'kutumphukira pansi ngati kumsana kwa supuni. Zala zinali zitaloza kumbali.

"Likupweteka?"

"Ndi zimene ndikukuuza. Silikupweteka."

Kabatani anaphimba makina ndi nsalu, n'kutenga kiyi wa dirowa kuika m'thumba mwake, n'kukaitana galimoto. Magazi a kalipentala ali mwa iyenso.

Kuchipatala anajambula phazilo. Dokotala anali mayi wamng'ono thupi, wosataya mawu. Anapachika chithunzi pa galasi lowala n'kumuonetsa timafupa tambiri ta m'phazi, timene timayenera kukhala pamzere ngati njerwa za khoma. Take tinali titasemphanasemphana, tina titachoka m'malo mwake.

"Bambo, simunabinye. Shuga wapha mitsempha imene imauza munthu kuti apa papweteka. Mafupa afewa, molumikizira mwake mwamasuka, inu n'kumapondabe. Munthu wakumva akanagona pansi tsiku loyamba lomwe. Inu mlonda wanu anamwalira kalekale, akuba akungolowa."

"Ndiye mundipatse jakisoni, ndili ndi mayunifolomu."

"Palibe jakisoni. Tikuikani chikhakha mpaka m'bondo, tizichisintha pafupipafupi. Phazi limeneli lisakhudze pansi mpaka litazizira, kaya itenga miyezi ingati."

"Ndiponda ndi lamanzere."

Dokotala anatenga kaulusi kolimba n'kumugunda nako pansi pa phazi lamanzere, apa ndi apa, iye atatsinzina. Telala anadikira kuti ayambe. Anali atamaliza kale.

"Nalonso silikumva. Mukalilemetsa litsatira linzake. Ndipo mundimvetse: khungu likang'ambika, bala n'kufika pa fupa, chotsala ndi kudula. Sindikukuopsezani."

Telala anabwerera pakhonde ndi ndodo ziwiri, mwendo uli mbuu. Mayunifolomu anali mulu, makolo akuyang'ana. Magetsi pakhondepo palibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, makina amene anamulerera ana sakanawapachika injini ngati chigayo. Kabatani anaimbira foni a kuhotela kuwapempha kuti amudikire mwezi umodzi. Kenako anakoka kampando, n'kukhala kuseri kwa makina, moyang'anizana ndi bambo ake, n'kulowetsa phazi lake pa chopondera kuchokera kumbuyo.

"Inu gwirani nsalu. Ine ndiponda."

Umu ndi mmene anayambira kusoka anthu awiri pa makina amodzi. Odutsa ankaima kuonerera. Wosoka nsapato ankati waona basi ya madalaivala awiri, wina wa chiwongolero, wina wa mafuta. Pa msoko wowongoka zinkayenda. Koma zovala si misoko yowongoka yokha. Pali makona, pali mapewa, pali malo amene singano imafunika kubaya katatu kokha n'kuima. Kale zimenezo phazi linkadziwa lokha, mutu usanaganize. Tsopano zinayenera kutuluka pakamwa, kuwoloka makina, kulowa m'khutu la munthu wina, kutsika mpaka kuphazi, ndipo pofika kumeneko singano inali itadutsa kale.

"Ponda. Pang'ono. Ndati pang'ono, iwe, ukuthamangitsa ndani? Ima. Wapitirira."

"Mwanena mochedwa."

"Ndanena nthawi yake. Khutu lako ndi limene lili kuhotela."

"Ndiye muziyatsa chizindikiro ngati galimoto, Ababa."

Ankasula, n'kuyambiranso. Chosokedwa m'mawa chinkasulidwa masana. Telala ankakhala mwendo uli pa kabokosi, ukuyabwa m'kati mwa chikhakha mosafikirika, akuyang'ana phazi la mwana wake lili pamalo ake, litavala patapata. Patapata pa chopondera. Zinkamudya mumtima kuposa matendawo. Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti palibe pamene pankawawa. Likanakhala likupweteka akanalikhulupirira. Koma kukhala pansi ngati mlendo chifukwa cha chithunzi cha pa galasi, phazi lili phee ngati la mwana wogona, kwa iye kunali kunamizidwa. Pakusintha chikhakha dokotala ankaligwira ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti likadali lotentha. Telala ankati nanga munthu wamoyo azizire?

Mwezi unatha. A kuhotela anawonjezera masabata awiri, n'kunena kuti amenewo ndi omaliza. Mchimwene wa Kabatani wa malole uja anaimba foni kulamula kuti ababa asasiyidwe okha, iye ali kutsidya kwa malire. Kulamula pa foni sikutopetsa.

Ndiye kunabwera kalaliki wina, kasitomala wakalekale, atanyamula malaya amene anatenga dzulo lake. Anawayala pa makina mwaulemu, kumene kumapweteka kuposa chipongwe.

"Atelala, pepani, kolalayi mbali imodzi ikuyang'ana kumwamba, ina pansi. Kuofesi andiseka. Ndikudziwa kuti mukudwala."

Chiyambire kusoka, chovala chake chinali chisanabwezedwepo. Telala anayang'ana kolalayo nthawi yaitali. Kalaliki atachoka, anayang'ana mwana wake, ndipo m'malo momeza mawu anawalavula.

"Phazi lako ndi la kwa amako. Anthu osadziwa kuima."

Mawu amenewo sanali oyenera. Malemuwo anali mkazi wabwino, ngakhale abale awo ena ali ndi zawo. Kabatani anachotsa phazi pa chopondera pang'onopang'ono, n'kuimirira, n'kukonza siketi.

"Amayi anga muwasiye agone," anatero, n'kunyamuka kupita kunyumba.

Anali masana, dzuwa lili pamutu. Wosoka nsapato anali atapita kukagula guluu. Telala anatsala yekha ndi malaya a kalaliki, makina ndi sizasi yake yaikulu yodulira nsalu zolimba. Anadziuza kuti ndi kolala imodzi yokha. Ananyowetsa chikhakha ndi madzi a m'botolo lositira, n'kuyamba kuchidula kuchokera m'bondo, motsata mzere wowongoka ngati akudula thalauza. Chinalimba, koma manja a telala si a masewera. Anachikanula ngati khoko. Mwendo unatuluka wowonda, wotuwa. Anaika phazi pa chitsulo chowala chija.

Zoona zake n'zakuti anasangalala. Makina analira kulira kwawo kwakale. Kolala inatuluka makona ake akuthwa ngati envelopu. Atamaliza sanaime. Anakoka yunifolomu, kenako ina. Anaganiza zoti akatha imeneyi atulutse jekete ija, mwana akadzabwera mawa adzaipeze itapachikidwa, ndipo pasadzafunikenso mawu. Ali pakati pa msoko anamva kaphokoso, ngati choko chathyokera m'thumba. Anakamva ndi khutu, osati ndi mwendo. Chopondera chinayamba kumuzemba. Anaponda mwamphamvu, chikumuzembabe.

Wosoka nsapato anafika ndi guluu wake, n'kuyang'ana pansi pa makina, n'kukhala pansi pa simenti.

"Achimwene, musasunthe. Musayang'anenso."

Telala anayang'ana. Phazi linali litachoka pa kakolo n'kugonera kumbali, pansi pake pakuyang'ana khoma. Fupa la mwendo linali litakankha khungu mpaka kuyera, pafupi kuboola. Ndipo ngakhale pamenepo silinkapweteka.

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma uyu ngakhale nkhwangwayo sanaimve. Kuchipatala dokotala anaona chikhakha chodulidwa bwinocho, chimene wosoka nsapato ananyamula osadziwa chifukwa chake.

"Mwadula mowongoka," anatero. "Mwina mudzatithandiza tsiku lodula mwendo."

Anabwezeretsa phazi m'malo mwake mmene akanathera. Pamene fupa linakankha panatsala kabala kakang'ono ngati batani la malaya, ndipo moyo wonse wa banja unasonkhana pa kabala kameneko. Kakapola, phazi likhala. Kakalowa m'kati, lipita. Anamugoneka m'chipatala. Kabatani anafika madzulo ndi beseni, sopo ndi zovala zosinthira. Sanakalipe, sanalire. Anam'pukuta kumaso, anam'konzera pilo, n'kukhala pa mpando kuyang'ana pawindo. Telala anadikira kuti amunyoze kuti apeze poyambira. Mwanayo sanamupatse mpata umenewo.

Masabata awiri a kuhotela anathera m'chipindamo. Foni inalira ali pompo. Kabatani anatuluka nayo pakhomo, n'kubwerera posakhalitsa.

"Ndani?"

"Palibe. Imwani mapiritsi."

Telala anamva kwa wosoka nsapato kuti malo aja apatsidwa wina.

Kabalako kanatenga nthawi yake. Shuga sapoletsa bala msanga. Kabatani ndi amene ankayang'anira mapiritsi, chakudya ndi masiku a kuchipatala, ndipo supuni ya shuga anaibisa kumene ngakhale agogo ake sakudziwa. Chikhakha china atamuika, sizasi yaikulu Kabatani ankagona nayo kuchipinda kwake. Mvula inabwera n'kupita. Tsiku lina dokotala anagwira phazi ndi kuseri kwa dzanja, n'kugwira linalo, n'kugwedeza mutu.

"Lazizira. Bala latseka. Phazi mwatsala nalo, bambo, koma ndi loyendera pang'ono basi, mu nsapato imene tikupatseni. Pa makina lisadzabwererenso. Ngakhale kolala imodzi."

Phazilo lilipo mpaka lero. Ndi lalifupi, lonenepa pakati, louma pa kakolo, ndipo nsapato yake ndi yaikulu ngati ya msilikali. Madzulo aliwonse Kabatani amaliyang'ana ndi kagalasi pansi pake, kufuna pini kapena kabala, popeza mwiniwake sangadziwe. Pakhonde amakhalabe moyang'anizana. Tsopano mwanayo amasoka wopanda nsapato, ndipo saponda pomva mawu, amayang'ana zala za bambo ake. Zikafupika pakona, phazi lake laima kale. Zovala sizibwezedwa. Makolo a ana asukulu amati telala wachira, ndipo palibe amawatsutsa.

Za amake a mwanayo telala sanapepese. Za hotela sanafunse. Mwana wa kalipentala amatha kuzula pini m'phazi akuseka, koma mawu amenewo amam'kanika.

Tsiku lina ntchito itachepa, Kabatani anatsegula dirowa kufuna bobini ya ulusi, n'kupeza kamtolo ka nsalu yakuda kaja, mizere ya choko ikuonekabe. Anakaika pa makina.

"Bweretsani tisoke, Ababa. Ingodyedwa ndi njenjete."

"Bweza."

"Ndi ntchito ya masana amodzi."

"Ndinati palibe wina adzaponda pa iyo. Ukaponda iwe, ndiye kuti wadzisokera wekha."

"Nanga zonsezi akusoka ndani?"

"Zimenezo ndi za anthu."

Anayang'anizana pamwamba pa makina, mphuno imodzi, chibwano chimodzi. Kabatani anakankhira kamtolo kwa iye.

"Ndiye sokani. Ine sindikupita kulikonse."

Telala anayamba kuisoka pamanja, ndi singano. Koma shuga amene anadya mapazi wayambanso kunyambita nsonga za zala, ndipo singano imam'pulumuka osadziwa. Ulusi salola kuti wina amulowetsere. Msoko ukapanda kumukhutiritsa amasula, ndipo masiku ambiri zosula zimaposa zosoka. Msana analumikiza, kolala inakhala, mkono wamanja unalowa. Wamanzere ukadali m'dirowa. Jeketeyo imapachikidwa pa msomali kumbuyo kwake, ndipo makasitomala amafunsa ngati mwiniwake anaduka mkono.

"Ndi ya bwana wanga," amayankha telala, osakweza maso. "Sachedwa kukwiya, ndiye ndikuisamala."

Kabatani amamva, koma saseka. Amapukuta chopondera ndi phazi, n'kukoka yunifolomu ina pa mulu.

"Gwirani nsalu, Ababa."